Miyendo ya agogo imaphunzitsika: mafizo oteteza achikulire kuti asamagwe

Sukulu zikatsekera, ambiri mwa ophunzira athu amapita kumene kuli agogo awo, ndipo mwana woleredwa bwino akangofika amalanda ntchito zonse. "Agogo, khalani pansi, ndisesa ndine." "Musadzuke, madzi ndikubweretserani pomwepo." Ife aphunzitsi ndi makolo timanyadira tikamva zotere, ndipo mpake. Koma kuseri kwa ulemu umenewu kumabisala vuto limene tikufuna tikambirane m'kalata ino. Miyendo ya munthu wokalamba ikasiya kugwira ntchito imafooka msanga kuposa ya mnyamata, ndipo miyendo yofooka imagwetsa mwini wake.

Kugwa timakutenga ngati nkhani yaing'ono chifukwa ana amagwa tsiku lililonse n'kudzuka akuseka. Kwa munthu wamkulu zinthu sizikhala choncho. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la World Health Organization (WHO) limati chaka chilichonse anthu pafupifupi 684,000 amamwalira chifukwa cha kugwa, ndipo pa ngozi zonse zopha anthu, kugwa kumangoposedwa ndi ngozi zapamsewu zokha. Oposa 80 mwa 100 alionse a anthu amenewa ndi a m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene, ndipo gulu limene limafa kwambiri ndi la anthu opitirira zaka 60. Bungwe lomweli limati pa anthu 100 alionse a zaka 65 kupita m'tsogolo, pakati pa 28 ndi 35 amagwa kamodzi kapena kangapo pa chaka. Tinganene kuti pa agogo atatu alionse, mmodzi adzagwa chaka chisanathe.

Chovulala choopsa kwambiri ndi kuthyoka kwa fupa la ntchafu chakumtunda, pamene limalowa m'chiuno. Pafupifupi onse achikulire amene amathyoka pamenepa amathyoka chifukwa chogwa, kawirikawiri chammbali. Munthu wotere amagona masabata ambiri, ndipo kugonako kumabweretsa zilonda zakumsana, chibayo ndi kufooka kwina. Ambiri sayendanso monga kale, ndipo ena sachira n'komwe. Pakhomo napo pamasintha. Wina amasiya geni kapena munda kuti akadikirire matenda kuchipatala, ndalama ya fizi imapita ku thiransipoti, ndipo nthawi zina mwana wamkazi ndiye amajomba kusukulu kuti azisamalira wodwala. N'chifukwa chake tikuona kuti nkhaniyi ndi yoyenera kulowa m'kalata ya sukulu.

Ngakhale amene wagwa osavulala amatsala ndi mantha. Amachepetsa kuyenda, amasiya kupita kumsika ndi kumaliro, amangokhala pakhonde. Abale nawo, pomufunira zabwino, amamuletsa kudzuka. Pakapita miyezi, miyendo yafooka kuposa mmene inalili tsiku limene anagwa, ndiye kugwa kwachiwiri kumabwera mosavuta kuposa koyamba.

Chimatiimiritsa n'chiyani?

Ophunzira a Biology akumbukira timachubu titatu tokhota tam'kati mwa khutu timene timauza ubongo mmene mutu wapendekera. Timachubuti sitigwira tokha ntchito. Maso amauza ubongo pamene pali nthaka ndi khoma. Mitsempha yakuphazi ndi m'mfundo za mafupa imanena ngati phazi laponda pamwala, pamchenga kapena pamatope. Ubongo umaphatikiza mauthenga onsewa n'kulamula minofu kuti ikonze kaimidwe, ndipo izi zimachitika mosalekeza ife osadziwa. Munthu akapunthwa pamuzu, amakhala ndi kanthawi kosakwana sekondi kuti aponye phazi lina kutsogolo n'kulilimbitsa. Akachedwa, kapena bondo likalephera kunyamula thupi, wagwa basi.

Ukalamba umakhudza mbali zonsezi. Maso amachita ng'ala, mapazi amachita dzanzi makamaka kwa odwala shuga, ndipo minofu imachepa pang'onopang'ono kuyambira zaka za m'ma 30, n'kumachepa mofulumira munthu akapitirira zaka 60. Kugona pabedi kumafulumizitsa kwambiri zimenezi. Ku America, pa kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2007, achikulire athanzi anagonekedwa pabedi masiku 10 okha, ndipo anataya pafupifupi kilogalamu imodzi ya mnofu wa m'miyendo.

Chosangalatsa n'chakuti minofu siikana kuphunzira ngakhale mwini wake atakalamba chotani. Mu 1990, dokotala wina dzina lake Maria Fiatarone ndi anzake anasindikiza zotsatira za ntchito imene anachita kunyumba yosungirako okalamba ku Boston. Anatenga anthu 10 ofooka a zaka zapakati pa 86 ndi 96, n'kumawachititsa mafizo onyamula zolemera ndi miyendo kwa masabata 8. Mwa amene anamaliza, mphamvu ya miyendo inakwera kuposa kuwirikiza kawiri. Anthu anali ochepa, inde, koma anagwetsa maganizo akale akuti nkhalamba ikafooka palibenso chochita.

Zimene anapeza ku Otago

Ndondomeko ya mafizo yodziwika kwambiri pankhani yopewa kugwa inachokera ku yunivesite ya Otago, mumzinda wa Dunedin ku New Zealand. Anaikonza m'zaka za m'ma 1990 ndi gulu lotsogozedwa ndi John Campbell, dokotala wa matenda a okalamba, pamodzi ndi Clare Robertson. Kafukufuku wawo woyamba anatuluka mu 1997 ndipo anakhudza amayi 233 a zaka 80 kupita m'tsogolo, okhala m'nyumba zawo. Theka anaphunzitsidwa mafizo, theka linalo ankangoyenderedwa kukacheza nawo. Chaka chitatha, ochita mafizo anapezeka kuti anagwa mocheperapo. Anabwereza ntchitoyi mpaka akafukufuku anakwana anayi, okhudza amuna ndi akazi 1,016 a zaka zapakati pa 65 ndi 97. Atawaphatikiza onse, anapeza kuti kugwa kunachepa ndi 35 peresenti, ndipo kuvulala chifukwa cha kugwa kunachepanso chimodzimodzi. Amene anapindula kwambiri ndi a zaka zopitirira 80 komanso amene anagwapo kale, omwe aja ife timathamangira kuwakhazika pansi.

Chimene chatikopa pa ndondomekoyi n'chakuti sifuna makina kapena nyumba yapadera. Imachitikira pakhomo, ndi mpando wolimba, khoma ndi kathumba kolemera komanga pakakolo. Ili ndi mafizo 17. Asanu ndi olimbitsa miyendo, ndipo 12 ndi ophunzitsa thupi kusadzandira. Munthu amachita katatu pa sabata, kwa mphindi pafupifupi 30, akumapumula tsiku limodzi pakati, ndipo amawonjezera ulendo wapansi kawiri pa sabata ngati angathe. Mphindi 30 zija atha kuzigawa, khumi m'mawa, khumi masana, khumi madzulo.

Asanu olimbitsa aja ndi awa. Atakhala pampando, amawongola bondo mpaka mwendo utatambasuka, n'kuutsitsa pang'onopang'ono. Izi zimalimbitsa mnofu wakutsogolo kwa ntchafu, umene umatidzutsa pampando ndi kutigwira tikamatsika chitunda. Ataimirira atagwira mpando, amapinda bondo kuti chidendene chipite chakumbuyo. Kenako amakweza mwendo chammbali, bondo lili chiwongokere, polimbitsa minofu ya m'chiuno imene imaletsa munthu kugwera kumbali. Awiri otsiriza ndi a kuphazi: kuima ndi zala zidendene zili m'mwamba, ndi kuima ndi zidendene zala zili m'mwamba. Lomalizali limaoneka lachibwana, koma mnofu wake ndi umene umanyamula nsonga ya phazi poyenda, ndipo ukafooka munthu amakhweza mapazi n'kumakodwa m'mphepete mwa mkeka. Lililonse amalibwereza mpaka ka 10, modekha, osabanika mpweya. Likayamba kuphweka amawonjezera kulemera kwa kathumba kaja.

Ophunzitsa kusadzandira ndi monga kupinda mawondo pang'ono n'kuwongoka, kuyenda chammbali, kuyenda chobwerera m'mbuyo, kuyenda mozungulira ngati ukulemba nambala 8 pansi, kuima phazi lina kutsogolo kwa linzake chidendene chitagunda zala, kuyenda motero ngati ukutsata chingwe, kuima ndi mwendo umodzi, kuyenda monyang'ama, kuyendera zidendene, kukwera masitepe, ndi kudzuka pampando n'kukhalanso.

Pamndandandawu palibe chachilendo, ndipo wina atha kufunsa kuti nanga luso lake lili pati. Lili pa kukwera pang'onopang'ono. Taonani kudzuka pampando. Woyamba kumene amadzuka atatsamira manja onse awiri. Pakapita masabata amatsamira dzanja limodzi, kenako amadzuka manja atawapinda pachifuwa. Kuima ndi mwendo umodzi nakonso kumayamba atagwira khoma, mpaka tsiku limene adzaime osagwira kanthu. Thupi limaphunzira pokhapokha likavutikako pang'ono. Mafizo akaphweka kwambiri phindu limaima, ndipo akavuta kwambiri munthu agwa nawo. N'chifukwa chake ku Otago aliyense ankayenderedwa kunyumba ndi katswiri wa fiziyo kapena namwino wophunzitsidwa, kangapo m'miyezi iwiri yoyamba ndi kamodzinso patapita miyezi 6, ndipo pakati pake ankamuimbira foni kumulimbikitsa. Amene amatengera ndondomekoyi amakonda kukopera zithunzi za mafizo n'kuiwala za maulendo ndi mafoniwa, chikhalirecho ndi amene ankathandiza kuti nkhalamba isasiyire panjira.

Kodi kuyenda ndi kulima sikokwanira?

Funsoli tikudziwa kuti makolo ambiri alifunsa, chifukwa agogo athu ambiri si anthu ongokhala. Amalima, amatola nkhuni, amayenda mitunda. Zimenezi ndi zabwino ku mtima, ku shuga ndi ku mafupa, ndipo asazisiye. Koma pankhani ya kugwa, umboni ukuloza kwina. Mu 2019 bungwe la Cochrane, limene limasonkhanitsa ndi kusefa akafukufuku azaumoyo, linaunika akafukufuku 108 ochokera m'mayiko 25, okhudza anthu 23,407. Gulu lotsogozedwa ndi Catherine Sherrington wa ku Sydney linapeza kuti mafizo amachepetsa kugwa ndi pafupifupi 23 peresenti. Ophunzitsa kusadzandira ndi ntchito za tsiku ndi tsiku anachepetsa ndi 24 peresenti, ndipo akaphatikizidwa ndi olimbitsa minofu chiwerengero chinafika pafupifupi 34. Kuyenda pakokha sikunaonetse umboni wogwirika woti kumachepetsa kugwa. Chifukwa chake n'chomveka. Woyenda amabwereza sitepe imodzimodzi kutsogolo, pamene kugwa kumabwera potembenuka mwadzidzidzi, pobwerera m'mbuyo, potsika pakhonde kapena podzuka usiku. Ndipo munthu amene akudzandira kale, kumuuza kuti aziyenda mothamanga ndi kumuwonjezera mipata yogwera.

Otago si njira yokhayo. Tai chi, masewera akale a ku China oyenda mwapang'onopang'ono munthu akusamutsa thupi kuchoka pamwendo wina kupita pa unzake, anapezeka mu kuunika komweko kuti amachepetsa kugwa ndi pafupifupi 19 peresenti. Koma amafuna mphunzitsi wodziwa.

Imene ikutiyenera kwambiri mwina ndi ya ku Australia yotchedwa LiFE, imene Lindy Clemson ndi anzake anasindikiza zotsatira zake mu 2012. Iwo anaona kuti anthu ambiri amatopa ndi mafizo okhala ndi nthawi yakeyake, ndiye anawalowetsa m'ntchito zapakhomo. Munthu amaima phazi kutsogolo kwa linzake podikira madzi kuti awire, amapinda mawondo potola chinthu pansi m'malo mowerama ndi msana, amaima ndi zala potenga kapu pamwamba. Mwa anthu a zaka 70 kupita m'tsogolo amene anali atagwapo, kugwa kunachepa ndi 31 peresenti. Apa mpamene nkhani ya ulemu ija ikubwereranso. Agogo akamadzuka okha kukatenga madzi akumwa, akamasesa pakhonde, akamayanika zovala, ndiye kuti akuchita mafizo osadziwa. Chidebe cholemera ndi ulendo wa kuchigayo alandeni ndithu, koma tintchito ting'onoting'ono asiyireni, inu muli pafupi.

Pa kuchuluka kwake, malangizo a WHO a mu 2020 amati anthu a zaka 65 kupita m'tsogolo azichita mafizo ophunzitsa kusadzandira ndi olimbitsa minofu masiku atatu kapena kuposerapo pa sabata. Phindu siliwoneka m'sabata imodzi, limafuna miyezi, ndipo munthu akasiya limayamba kutha.

Kuyesa kaye

Azaumoyo ali ndi mayeso osavuta amene wophunzira aliyense wokhala ndi wotchi kapena foni angachite. Ikani mpando wolimba, muyeze mamita atatu n'kulemba mzere pansi. Agogo akhale pampando, ndipo mukati "yambani" adzuke, ayende mwa nthawi zonse mpaka pamzere, atembenuke, abwerere n'kukhalanso. Ngati amayendera ndodo, aigwire. Bungwe la CDC la ku America limati wotenga masekondi 12 kapena kuposerapo ali pachiopsezo cha kugwa. Mayeso ena ndi kuima phazi kutsogolo kwa linzake, chidendene chitagunda zala, osagwira kanthu. Wolephera kufika masekondi 10 nayenso ali pachiopsezo. Lembani zotsatira m'kope ndi tsiku lake, mudzayesenso pakapita miyezi itatu. Achikulire ambiri amalimbikira akaona ndi maso awo kuti nambala yasintha.

Afunseninso mafunso atatu: ngati anagwapo m'chaka chapitachi, ngati amamva kudzandira akaima kapena akamayenda, ndiponso ngati amaopa kugwa. Funsani mwaulemu ndipo muli awiri, chifukwa akuluakulu ambiri amabisa zoti anagwa poopa kuti ana awalanda ufulu woyenda.

Ngati yankho lili inde, kapena ali ndi matenda a mtima, kuthamanga kwa magazi, shuga, kapena anachitapo sitiroko, yambirani kuchipatala. Funsani ngati kuli a fiziyo, ndipo mutenge mankhwala onse amene agogo akumwa kuti adokotala awaone. Mapiritsi ogonetsa amawonjezera kugwa, ndipo ena a kuthamanga kwa magazi amachititsa chizungulire munthu akadzuka mofulumira. Musawasiyitse nokha mankhwala. Ng'ala nayo imachotsedwa ndi opaleshoni yaifupi, ndipo palibe mafizo amene angathandize munthu amene sakuona dzenje.

Poyamba mafizo pakhomo, mpando ukhale wathabwa ndipo utsamire khoma. Mipando yapulasitiki imaterera ndipo miyendo yake imatha kutambasuka. Pansi pakhale pouma, popanda mkeka wopindika. Agogo avale nsapato zogwira chidendene kapena akhale opanda nsapato, chifukwa masilipasi amavuka, ndipo chitenje kapena mkanjo usakhweze pansi. Wothandiza aime pambali, chakumbuyo pang'ono, dzanja lili pafupi ndi chiuno chawo. Musawakoke mikono. Masabata oyamba achite opanda cholemera chilichonse. Pambuyo pake mutha kusoka kathumba ka nsalu, kuthiramo mchenga wouma wokwana theka la kilogalamu kapena kilogalamu imodzi, mutayeza pa sikelo, n'kumakamanga pakakolo. Kuwawa pang'ono kwa minofu tsiku lotsatira si koopsa. Koma akamva kupweteka pachifuwa, chizungulire, phuma lachilendo kapena ululu wobaya m'mfundo, aleke pomwepo ndipo apite kuchipatala.

M'mabanja mwathu muli zina zoyenera kuziganizira. Achikulire ambiri amadandaula kuti kudzuka pamkeka pa nthawi ya swala kwayamba kuwavuta, ndipo minofu imene imagwira ntchito pamenepo ndi yomwe ija ya ntchafu ndi chiuno imene mafizowa amalimbitsa. Malo opangira wudhu amakhala onyowa, ndipo kutsuka phazi munthu ataima ndi mwendo umodzi pa simenti yoterera ndi ngozi yoonekeratu. Pakhale kampando kapena chogwirira. Ulendo wa kumzikiti mbandakucha umafuna tochi. M'mwezi wa Ramadhan, amene akusala achite mafizo atamasula ndi kumwa madzi, osati dzuwa lili paliwombo.

Pakhomo ponse pafunika diso lomwelo. Nyengo ya mvula, njira ya kuchimbudzi ndi kubafa imachita matope ndi ndere. Thirani mchenga kapena miyala ing'onoing'ono, ndipo mukolope ndere. M'chimbudzi chokumba, kunjuta ndi kudzuka ndi ntchito yaikulu kwa mawondo okalamba, choncho zikani mtengo wolimba kapena mangani chingwe chogwirira. Tochi izigona pafupi ndi mutu wa agogo, ndipo akadzuka usiku ayambe akhala kaye m'mphepete mwa bedi kapena pamphasa kwa kanthawi asanaimirire.

Chotsala ndi chimene mabanja ambiri sachiganizira mpaka tsiku la tsoka, ndicho kudzuka munthu atagwa. Kugona pansi nthawi yaitali wopanda womuona kumavulaza nakonso, makamaka usiku wozizira wa mu June. A fiziyo amaphunzitsa motere. Wogwayo ayambe wapuma n'kumvetsera ngati pali pamene pakupweteka kwambiri. Ngati palibe, atembenukire chammbali, adzuke n'kugwada manja ali pansi, akwawe mpaka pampando kapena pachinthu cholimba, aikepo manja onse, aponde ndi phazi la mwendo wamphamvu, adzikankhe n'kutembenuka kukhala pampandopo. Ndi bwino kuyeserera zimenezi masana pamphasa, wina ali pambali, ngati achipatala avomereza. Koma mukapeza agogo ali pansi akulephera kuponda, akumva ululu m'chiuno kapena m'mphechepeche, mwendo wina ukuoneka wofupika ndipo phazi lagonera kunja, musawaimiritse ndipo musawakweze pa kabaza. Afunditseni, agonekeni pachinthu chathyathyathya ngati chitseko, miyendo mutaimanga pamodzi ndi chitenje, ndipo funani galimoto. Amene amenyetsa mutu nayenso akaonedwe kuchipatala ngakhale akunena kuti ali bwino, ndipo masabata otsatira muziyang'anira ngati ayamba kusokonezeka, kugonagona kapena kudandaula mutu, chifukwa kwa okalamba magazi amatha kukha pang'onopang'ono m'kati mwa chigaza n'kudzaonekera mochedwa.